Hyde Park kapena Rogers Park, mukakhale kuti mu Chicago?

Amene mukusaka nyumba ya lendi mu Chicago pafupi ndi nyanja ya Michigan, madera awiriwa muwamva pafupipafupi, Hyde Park kum'mwera ndi Rogers Park kumpoto kwenikweni kumalire ndi tauni ya Evanston. Konseko kuli yunivesite, konseko azungu, akuda ndi ena amakhala mosakanikirana zomwe mu mzinda umenewu sizichitikachitika, koma moyo wake ndi wosiyana kwabasi.

Hyde Park ndi yokongola, apo palibe zokangana. University of Chicago inayamba mu 1890 ndi ndalama za mpondamatiki John D. Rockefeller, nyumba zake zamiyala mungayese matchalitchi. Museum of Science and Industry ili ku paki ya Jackson Park m'nyumba yomwe inatsala pa chionetsero chachikulu cha zinthu za mayiko osiyanasiyana cha 1893, ndipo ku Jackson Park komweko ndi kumene a Obama anasankha kumangako Obama Presidential Center, nyumba yawo ili chapafupi ku Kenwood. Nthawi yotentha mukapita ku Promontory Point madzulo mupeza mabanja akuwotcha nyama, achinyamata akudumphira m'madzi kuchokera pamiyala, kumpotoko nyumba zitalizitali za mutauni zikuoneka bwinobwino.

Vuto lake ndi mayendedwe. Sitima za mumzinda zotchedwa L sizifika m'kati mwa Hyde Park, mumadalira basi nambala 6 kapena sitima ya Metra Electric, yomwe ndi yachangu inde, pafupifupi mphindi 20 mwafika ku Millennium Station pakati pa mzinda, koma ili ndi nthawi zake ndipo pakati pa usiku sipezeka. Ngati mumaweruka mochedwa ndipo galimoto mulibe, ndalama zanu zithera Uber.

Apa ndi pamene Rogers Park imandigwira mtima. Red Line, imodzi mwa sitima za L zija, imayenda usana ndi usiku osapuma, masiteshoni ake kuderali ndi Loyola, Morse, Jarvis ndi Howard, ndiye wogwira mashifiti kuchipatala kapena kosamalira okalamba sada nkhawa kuti kaya ndikafika bwanji kunyumba. Ulendo wake wopita ku Loop, pakati pa mzinda, ndi wautali ndithu, mphindi 40 kapena kupitirirapo chifukwa imaimaima, ndipo mu Januwale mukamadikira pasiteshoni mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa mumangodina kabatani koyatsira nyali zotenthetsa zija n'kuunjikana pansi pake ndi anthu osawadziwa, koma sitimayo imabwera basi. Lendinso nthawi zambiri ndi yotsikirapo, ndipo m'nyumba zambiri zakale zanjerwa ndalama yotenthetsera nyumba imalowa mu lendi momwemo, funsani zimenezi musanasaine chifukwa bilu ya gasi nyengo yozizira imaluma. Misewu ina ikamatha mumangopezeka muli pamchenga m'mbali mwa nyanja, osalipira kanthu.

Ndiye pali nkhani ya ndiwo. 53rd Street ku Hyde Park kuli malo odyera abwino koma mitengo yake ndi yoti muziyamba mwaganiza. Kuchokera ku Rogers Park mungokwera basi pang'ono mwafika pa Devon Avenue pomwe pali masitolo a amwenye ndi anthu a ku Pakistan, nyama ya mbuzi akudulirani mukuona, therere, nyemba, mpunga wa m'matumba akuluakulu. Pa Clark Street pali masitolo a anthu a ku Mexico, kungoti samalani ndi ufa, uja wa Maseca anauphika ndi laimu ndi wopangira tortilla, buledi wawo wopyapyala, nsima yake imamveka fungo lina, fufuzani wolembedwa white cornmeal.

Chimodzi chomwe Hyde Park imapambana kwa ife, sitima ya South Shore Line yopita ku South Bend ku Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri, imaima pa 57th Street, ndiye kukaona abale pa wikendi n'kosavuta.

Ngati mwapeza malo pa University of Chicago kapena ntchito pachipatala chake, khalani Hyde Park muziyenda wapansi, musadzivutitse kudutsa mzinda wonse m'mawa uliwonse. Koma enanu amene mwangofika kumene, galimoto mulibe komanso ntchito yake ndi ya mashifiti, ine ndikuti yambirani ku Rogers Park, ndipo nyumbayo ikhale kufupi ndi siteshoni ya Morse kapena Loyola.