CD ya Buddy Rich, Swingin' New Big Band: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinagula CD iyi mwezi wathawu koma ndimafuna ndiimvere kaye kangapo ndisanalembe, chifukwa ulendo woyamba ndinangoti kukamwa yasa osadziwa kuti khutu ndiliike pati. Ine ndimaimba madramu kutchalitchi ndi m'maukwati, ndiye anzanga akhala akunditopetsa kuti aise sungamadzitche woimba madramu usanamumve Buddy Rich, mdala wa madramu a jazz. Ndinaitanitsa pa intaneti, inafika patatha masabata atatu kabokosi kake kali kosweka pakona, ogulitsawo ndinawalembera mpaka lero ali zii. Koma CD yake ilibe vuto, ikulira bwinobwino, ndiye ndangozisiya.

Chimbalechi anajambula live mu 1966 pa kalabu ya The Chez ku Hollywood. Apa nkuti Buddy atangochoka mu bandi ya Harry James komwe amalandira ndalama zabwino ndithu, nkukayambitsa bandi yakeyake ya anthu oposa 15 pa nthawi imene achinyamata anali atathamangira ku rock ndipo aliyense amati mabandi akuluakulu a malipenga anatha kale. Kudzimva kwa mkuluyu kumayambira pomwepo, munthu wodzikayikira sangapange zimenezo.

Ambiri amagula chimbalechi chifukwa cha West Side Story medley (nyimbo zingapo zolumikizidwa pamodzi) yomwe inali yomaliza pa chimbale choyambirira, imapitirira mphindi 10 ndipo eee, solo yake ndi yoopsa, roll (kumenya kofulumira kosalekeza) ya pa ng'oma ya snare imatsika mpaka kumangomveka ngati mvula yowaza pa malata kenako nkukweranso osaphonya olo kamodzi. Ndinayesa kutsatira dzanja lake lamanzere pa pilo, mphindi imodzi isanathe mkono unali utauma gwa. Koma ine chimene chandigwira si solo ayi, ndi mmene amaikokera bandi yonse. Mukamvetsera ndi mahedifoni muona kuti malipenga asanalowe iye amakhala wawakonzera kale njira ndi ka fill kakafupi (kamenyedwe kodzaza mpata), akalowa amawamenyera limodzi pa bass drum ndi cymbal ndendende, ngati kuti anthu onsewo wawamangirira chingwe chimodzi iye ndi amene wagwira kumapeto. Ndiye muganize kuti munthuyu sankawerenga nyimbo zolembedwa papepala, amangomvera bandi ikuimba nkusunga zonse m'mutu. Paja anayamba kumenya ng'oma pa siteji asanakwane zaka 2, makolo ake anali a zisudzo za vaudeville ku America ndipo amamutcha Traps the Drum Wonder, ndiye kwa iye zinali ngati kuyenda basi.

Za khalidwe lake mwina munamvako matepi aja a m'basi, amene woimba piyano wake Lee Musiker anajambula mobisa cha kumayambiriro kwa ma 1980, Buddy akuwazazira anyamata ake ndi mawu oti sindingalembe pano, mpaka kumuopseza woimba trombone kuti amuchotsa ntchito chifukwa chosunga ndevu kkkk. Ndi woimba wotchuka Frank Sinatra yemwe ankakangana ali limodzi mu bandi ya Tommy Dorsey, chonsecho Sinatra yemweyo ndi amene anamuthandiza ndalama zoyambira bandi yake yoyamba mu 1946 ndipo anadzayankhulanso pa maliro ake mu 1987. Matepiwo mulibe mu CD muno, koma ukawamva kenako nkubwerera ku chimbalechi umamvetsa chifukwa chake malipenga akulowa pamodzi chonchija, palibe amene akufuna kuti akhale iye wolakwitsa abwana ali kumbuyo kwake ndi timitengo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa chomwecho. Bandi sipuma. Olo nyimbo yofatsa umamva kuti mdala akungodikira kuti ithe abwerere ku liwiro, ndipo anyamata ena akamaimba solo zawo iye safuna kukhala kumbuyo, amakhala akukankhabe. Madam anga anamvera nyimbo zitatu nkunena kuti bambo a mwana, nyimbo zanuzi zikundithamangitsa mtima, tsitsani. Ngati mukufuna jazz yomvera mukupumula madzulo iyi si yake. Ngati mumaimba madramu kapena mumatsogolera bandi gulani musachedwe, mupeze CD yokhala ndi nyimbo zoonjezera zomwe munalibe mu chimbale choyambirira.

Loweruka lapitali pa pulakatisi ndinayesa kutengera, kumakonzera makolasi ndi ka fill nkukankha tempo pang'ono. Tisanafike pakati wa kiyibodi anaimitsa nyimbo nkundiyang'ana, amvekere achimwene mwadya chani lero, kwaya ikutsalira kumbuyo.