Ndemanga: The Lion King ku Lyceum Theatre, ulendo wa tsiku limodzi ndi mwana

Nyenyezi 4 mwa 5.

Makolo anzanga a kuno ku Britain amene mukuganiza zopita ndi mwana ku London kukaonera sewero la nyimbo la The Lion King, ine ndikuti pitani, koma ndalama yanu ithere pa mpando wabwino, zina zonse mukhoza kuumira. Ndinapita Loweruka ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 7 kuchokera ku Leicester, ndipo tinabwerako tsiku lomwelo.

Ulendo wake ngosavuta. Sitima imafika ku St Pancras patangopitirira ola limodzi, kenako mumakwera yapansi ya Piccadilly mpaka ku Covent Garden. Mwana wosakwana zaka 11 salipira pa sitima yapansiyo ngati ali ndi wamkulu. Mukatsika dikirani lifiti, masitepe a pa siteshoni imeneyo alipo 193 ndipo mwana mudzachita kumubereka. Lyceum ili pa Wellington Street, kuyenda pansi mphindi zochepa chabe. Tinasankha chionetsero cha masana choyamba 2:30. Chimatenga maola awiri ndi theka pamodzi ndi nthawi yopuma, motero cha m'ma 5 koloko tinali panja.

Tsono za mpando. Nyumbayi imalowa anthu oposa 2,000 ndipo mipando ili m'magawo atatu: pansi pomwe amati Stalls, kenako Royal Circle, ndi pamwamba penipeni Grand Circle. Kumwambako matikiti ndi otsikirako mtengo, ndipo nsanja yonse imaoneka. Koma seweroli likamayamba, nyama sizitulukira pansanja pokha. Zimalowera kumbuyo kwa anthu n'kumatsika m'tinjira ta pakati pa mipando ya pansi. Ife tinali pansipo, mpando wachiwiri kuchokera pa kanjira. Njobvu inadutsa pafupi moti mwana akanatha kuikhudza. Anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Mami, muli anthu m'miyendomo!" Mphindi zisanu zoyambazo n'zimene munthu umalipirira, ndipo wokhala kumwamba amaziona ngati za eni ake. Mwana wamfupi mumpemphere katsamiro kokweza mpando, amapereka.

Ife okulira ku Dedza sitingaone zimenezi osakumbuka gule wamkulu. Njobvu yonyamulidwa ndi anthu angapo timaidziwa, ndipo anyamalikiti oyenda pa mitengo italiitali aja ndi makanja enieni. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu wovina saoneka, chilombo ndi chilombo basi. Apa Julie Taymor, amene anakonza seweroli, anachita dala kuti munthu ndi nyama zizioneka pamodzi. Chigoba cha Mufasa, mkango womwe ndi mfumu, chimakhala pamwamba pa mutu, nkhope ya munthu ili poyera. Akakwiya, iye ndi m'bale wake Scar amawerama, zigoba n'kutsikira kutsogolo, pamenepo mukuona mikango iwiri ikuyang'anizana. Ndinkaganiza kuti mwana asokonezeka, koma ayi, anazolowera msanga kuposa ine.

Kuimba ndiye kulibe chonena. Anthu ambiri amadziwa kuti nyimbo zake anapeka ndi Elton John ndi Tim Rice, koma zimene zinandilowa mumtima ndi za kwaya zomwe anakonza Lebo M wa ku Soweto. Muli Chizulu, Chixhosa, Chisutu, Chiswahili, ndipo amene munakhalako ku Johannesburg mudzatolapo mawu ambiri. Rafiki, nyani wa m'nkhaniyi, amaseweredwa ndi mayi, wovala ngati sing'anga, ndipo mawu ake okha amadzaza nyumba yonse. Oimba ng'oma amakhala m'tizipinda ta m'mbali mwa nsanja, poonekera. Mwana wanga nthawi zina ankasiya sewero n'kumayang'ana iwowo. Seweroli linayamba ku Broadway mu 1997, ku Lyceum lakhalapo kuyambira 1999, koma silikuoneka lotopa.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya gawo lachiwiri. Simba, mwana wa Mufasa, akakula, nkhani imayenda pang'onopang'ono, nyimbo zachisoni ndi zachikondi zimatsatizana, ndipo ana ambiri pafupi nafe anayamba kutakataka. Nthabwala za Timon ndi Pumbaa, anzake a Simba, zina n'za akuluakulu, mwana amangoseka chifukwa ena aseka. Zimadzatenthanso kumapeto pa nkhondo ya Simba ndi Scar.

Pali malo awiri oopsa: kumanda a njobvu komwe kuli afisi, ndi pamene nyumbu zikuthamanga Mufasa n'kufa. Phokoso ndi lalikulu, mdima uli bii. Wanga analira pang'ono pa imfayo ngakhale nkhaniyo ankaidziwa kale. Eni ake amalangiza zaka 6 kupita m'mwamba, ndipo wosakwana zaka 3 salowa n'komwe. Malangizo amenewa muwamvere. Ndinaona bambo wina akutuluka ndi kamnyamata kakulira gawo loyamba lisanathe, tikiti ya ndalama zambiri itapita padera.

Poumira pake ndi apa. Chakudya cha ku Covent Garden n'chodula, ife tinatenga kamba wathu, mpunga ndi nkhuku, tinadyera mu sitima. Ngati mumayenda ndi ana kawirikawiri, khadi ya Family & Friends Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa tikiti ya sitima ya wamkulu ndi 60 peresenti pa ya mwana. Za zidole ndi malaya ogulitsa polowera mugwirizane muli kunyumba, chifukwa pamenepo mwana samva. Ife tinapangana ayisikilimu wa pa nthawi yopuma basi, ndipo pangano linasungidwa, ngakhale movutikira. Kuchimbudzi mupite sewero lisanayambe, pa nthawi yopuma mzere wa amayi umatalika. Kujambula sewero lili mkati n'koletsedwa, foni ikhale m'chikwama.

Matikiti gulani miyezi ingapo tsiku lisanafike, makamaka ngati mukufuna Loweruka kapena nthawi ya holide ya sukulu, chifukwa mipando ya m'mbali mwa kanjira imayamba kutha. Ngati mwana wanu sanakwane zaka 6, dikirani chaka chamawa, seweroli silikupita kulikonse.