Short sale, okushoni kapena kudikira banki ilande: kugula nyumba ya ngongole ku America

Abale amene muli ku America ndipo mwayamba zogula nyumba zoika ma tenanti kapena zokonza n'kugulitsanso, nyumba ya munthu amene ngongole yamukanika mutha kuigwira panjira zitatu, koma sizifanana olo pang'ono.

Short sale ndi pomwe mwininyumba akugulitsa pamtengo wosakwana ngongole yake, ndiye banki ivomere kaye kuluza. Apa ndi pomwe ambiri amagwera ulesi. Mumatumiza ofa yanu limodzi ndi kalata ya mwininyumba yofotokoza mavuto ake, mapepala a malipiro, a msonkho, kenako ziii miyezi, mukaimba foni akuti pepala lina lakalamba tumizaninso. Koma dziwani kuti amene mukulimbana nayeyo nthawi zambiri ngongoleyo si yake, iye ndi wongotolera ndalama, eni ake ndi Fannie Mae, Freddie Mac (makampani akuluakulu ogula ngongole za nyumba kwa mabanki) kapena ena ogula ngongole ndipo akuyendera malamulo awo, ndiye kukalipa pa foni n'kungotaya mate. Chimene chimaigwedeza banki ndi BPO, mtengo umene ejenti wotumidwa ndi banki amalemba akaiona nyumbayo. Tsiku limenelo musasowe. Muonetseni denga lodontha, mapaipi owola, mtengo umene kontirakita wanena kuti akonzere, ndi nyumba zapafupi zomwe zagulidwa motchipa posachedwa. BPO ikangokwera ofa yanu yafa basi.

Funsaninso msanga ngati pali ngongole yachiwiri panyumbapo. Kuyambira 2012 Fannie ndi Freddie salola kuti mwini ngongole yachiwiriyo apatsidwe zoposa $6,000, iye akati ayi zonse zagwa. Ndipo chonde, zoti mugule ya m'bale wanu mwakachetechete iye azikhalamobe, musayerekeze, mumasainira kuti palibe ubale kapena mgwirizano wamseri ndipo kunama pamenepo ndi mlandu.

Okushoni ndi yachangu, ku Texas imachitika Lachiwiri loyamba la mwezi. Koma pamafunika kashi, m'nyumbamo simulowa kuti muone, mutha kupeza msonkho wosalipidwa kapena banja likukhalamo loti mulitulutse kudzera kukhoti. Ngati ndalama yanu ndi ya ma shifti ausiku, ine ndingati isiyeni kaye.

Kudikira banki ilande, zomwe amati REO, ndi kwa mtima m'malo. Nthawi zambiri nyumba imakhala yopanda munthu, mumaiyendera bwinobwino, amayankha msanga. Vuto mtengo umakhala pafupi ndi wa pamsika, komanso pa HomePath, webusaiti imene Fannie Mae amagulitsirapo nyumba zolandidwa, masiku oyambirira amasungira ofuna kukhalamo okha, inu a bizinesi mudikire zotsala.

Ine ndimasankha short sale, bola muli ndi chipiriro ndipo simunaike mtima panyumba imodzi yokha. Mumaona zomwe mukugula, opikisana nanu ambiri amathawa okha chifukwa chotopa. Koma mwininyumbayo ndi munthu, musamuiwale. Kalata ya banki yovomereza inene poyera kuti ndalama yotsalayo sadzamufunsanso. Ku California lamulo la 2011 limamuteteza kale pa nyumba zokhalamo, koma m'ma state ena banki itha kumulondola pambuyo pake, ndipo ngongole yokhululukidwayo imatha kubwera ndi fomu ya 1099-C ngati ndalama yoyenera kudulidwa msonkho, ndiye muuzeni aonane ndi wodziwa za misonkho asanasaine.