Ulendo wa pa boti pa Cahora Bassa ndi wokoma, koma sanaukonzere agogo ndi ana

Maboti onyamula alendo m'nyanja ya Cahora Bassa, imene inapangika atamanga damu pa mtsinje wa Zambezi kufupi ndi tauni ya Songo m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anawakonzera makamaka anthu obwera kudzawedza mcheni (nsomba ya mano akuthwa imene pa Chingelezi amati tigerfish), ndipo zimenezi zimaoneka msanga banja lathunthu likafika pagombe lili ndi agogo, makolo ndi adzukulu. Ife tinachokera ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo kuyambira amayi anga amene tsopano amayendera ndodo mpaka mdzukulu wawo wamng'ono, panalibe amene anakwerapo boti la injini. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Songo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150 pamsewu wa phula, umene umakwera phiri mokhotakhota mukangodutsa tauni ya Estima. Ndi bwino kugona ku Songo konko, kumene kumazizirako poyerekeza ndi kuchigwa, kuti m'mawa mulawirire kunyanja dzuwa lisanakwere.

Vuto lalikulu linali lofika pa botilo. Chilala cha 2024 chinachititsa kuti madzi a m'nyanjayi atsike kwambiri, moti miyala ya m'mphepete inali ndi mzera woyera wosonyeza pamene madzi ankafika kale, ndipo boti linali litaima kutali, kumunsi kwa chitunda cha miyala yogumukagumuka. Eni malowo sanaike chogwirira kapena masitepe, ngakhale thabwa lopondapo pokwera. Achinyamata anatsetsereka akuseka, koma amayi anga anachita kugwiridwa mbali zonse ziwiri, ndipo amalume athu, amene ali ndi vuto la mawondo, anatsala pang'ono kubwerera kukakhala m'galimoto. Munthu amene analandira ndalama zathu pamene tinkasungitsa malo anadziwa kuti tikubwera ndi okalamba, choncho akanatiuza zimenezi tisananyamuke kwathu.

Majekete oyandamitsa munthu m'madzi analipo okwanira akuluakulu, koma a ana panalibe, ndipo mwana akavala la munthu wamkulu limamukwera mpaka m'makutu, kusonyeza kuti atagwera m'madzi likhoza kumuvuka. Nyanja imeneyi ili ndi ng'ona ndi mvuu zambiri, ndipo m'chigwa chopapatiza cha pafupi ndi damu madzi ndi akuya kwambiri, choncho nkhani ya majekete si yoichepetsa. Tinakana kunyamuka mpaka atakabwereka ang'onoang'ono kwa anzawo a malo oyandikana nawo. Chimbudzi m'boti munalibe, ndipo denga la lona linkaphimba theka la mipando yokha, zimene mlenje wa mcheni sangadandaule nazo popeza amafuna malo oponyera mbedza, koma kwa mayi wobereka mwana kumbuyo pa dzuwa la ku Tete ndi nkhani ina.

Amene anaukometsa ulendowu ndi woyendetsa botilo. Iye ankayankhula Chinyungwe, ife Chichewa, ndipo tinkamvana bwinobwino popanda kuthawira ku Chipwitikizi. Ataona kuti amayi agwira mpando ndi manja onse awiri, anachepetsa liwiro la injini n'kunena kuti, "Agogo, khalani apa pakati, sipagwedezeka kwambiri, ndipo mukatopa mundiuze tibwerere." Sanatithamangitse ngati mmene amachitira ndi owedza ofuna kukafika msanga pamalo a nsomba. Anatiyendetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa mapiri a miyala omera milambe, anazimitsa injini kuti ana amve kulira kwa nkhwazi, ndipo atawona gulu la mvuu anazilambalala patali ndithu, uku akufotokoza kuti mvuu yokhala ndi mwana siiyandikiridwa.

Amene akuyembekezera kuona kutalika konse kwa khoma la damu ali m'boti adzakhumudwa pang'ono. Khomalo ndi lalitali mamita 171, koma mbali ya kunyanja gawo lake lalikulu lili pansi pa madzi, ndipo woyendetsa sanafune kuliyandikira. Ngakhale zinali choncho, apa ndi pamene ulendo wa mibadwo itatu unaonetsa phindu lake. Amalume anayamba kusimbira adzukulu kuti ntchito yomanga damuli inayamba mu 1969, nthawi ya Apwitikizi nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, ndipo madzi anayamba kudzaza chakumapeto kwa 1974, atasamutsa anthu ambirimbiri amene midzi ndi minda yawo tsopano zili pansi pa nyanjayi. Mwana wa mchemwali wanga, amene ali kusekondale, anawonjezera zimene anaphunzira m'kalasi, zoti magetsi ambiri opangidwa pano amapita ku South Africa pa mawaya otalika makilomita oposa 1,400, komanso kuti dziko la Mozambique linatenga gawo lalikulu la umwini wa damuli mu 2007. Amayi anangofunsa kuti nanga bwanji midzi ina ya kwathu ikuunikirabe nyali, ndipo funso limenelo palibe amene analiyankha.

Chakudya cha masana chinali nsima ya pende (nsomba yofanana ndi chambo) wowotcha, wogwidwa m'mawa womwewo, ndipo pa ichi chokha ndilibe chodandaula, kupatula kuti chinachedwa mpaka ana anayamba kusinza. Panjira yobwerera tinadutsa maboti a asodzi a kapenta atakocheza, nyali zawo zokopera nsomba usiku zili lendelende, ndipo woyendetsa anatiuza nthawi yabwino yokagula nsomba zouma zotchedwa chicoa kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu.

Mtengo amawerengera boti lonse ndi mafuta ake, kotero banja lalikulu likasonkherana katunduyo amapepuka, ngakhale kuti si ndalama yochepa kwa munthu wodalira mbatata ndi chimanga. Nyanjayi ndi yaitali makilomita pafupifupi 250 mpaka ku Zumbo, kumalire ndi Zambia, koma okhala ndi okalamba asakopeke ndi ulendo wa tsiku lonse, chifukwa maola ochepa a m'mawa m'chigwa cha pafupi ndi damu ndi okwanira. Musanapereke ndalama iliyonse, funsani kuti boti laima pati panopa, majekete a ana alipo angati, ndipo lona likuphimba mipando ingati, ndiponso mutenge madzi akumwa anuanu ambiri ndi zipewa za aliyense.