Roketi ya Estes Alpha: yokoma kumanga, koma kuulutsa kwake ndi nkhani ina kuno ku Mzuzu

Mlamu wanga atabwera kutchuthi kuchokera kunja anandibweretsera roketi yaing'ono yomanga wekha yotchedwa Alpha, yopangidwa ndi kampani ya Estes ya ku Penrose m'chigawo cha Colorado, yomwe yakhala pa ntchitoyi kuyambira 1958. M'paketimo munali chubu cha pepala lolimba, mphuno ya pulasitiki, zipsepse zitatu za thabwa lopepuka la balsa, palachuti ndi pepala la malangizo. Ikamangidwa imatalika masentimita pafupifupi 31, ndipo pa injini yaikulu yomwe imalola imakwera mamita oyandikira 300.

Ntchito yeniyeni ili pa zipsepse. Thabwa la balsa ndi lofewa moti chikhadabo chimasiyapo chipsera, choncho sandipepa amafunika kumuyendetsa ndi dzanja lopepuka, ndipo chipsepse chilichonse chiyenera kuima chilili pa mzere wake, apo ayi roketi idzakwera mopotoka. Malangizo ake ndi omveka ndipo zojambula zake sizisocheretsa. Cholakwa chinali changa: ndinamata ndi guluu wa matabwa m'mwezi wa Epulo, mvula yamawawa ya kuno isanaleke, ndiye chifukwa cha chinyezi guluuyo anachedwa kugwira, ndipo m'mawa ndinapeza chipsepse chimodzi chitapendama ngati khutu la galu. Ndinachimatula n'kuyambiranso.

Wofuna kuikongoletsa asamale ndi penti wochuluka kumchira, chifukwa roketi imayenda mowongoka pokhapokha kulemera kwake kukakhala chakutsogolo. Ine ndinaimanga chingwe pamalo pomwe imakhazikika osapendekera mbali iliyonse, n'kuizungulitsa pamwamba pa mutu pabwalo la nyumba yathu ku Katoto, ana a oyandikana nawo akuseka kuseri kwa mpanda. Mphuno ikamatsogola ndiye kuti zili bwino, ikamagudubuzika mumaika kadongo pang'ono m'mphunomo.

Vuto lalikulu kwa ife ndi injini. Zimagulidwa padera, ndipo popeza muli wonga, malamulo a ndege salola kuti munthu azinyamule m'chikwama. Zilembo zake zili ndi tanthauzo: pa injini ya B6-4, chilembo B chikusonyeza kuti mphamvu yake yonse ndi yowirikiza kawiri ya A, nambala 6 ikunena za kukankha kwake, ndipo 4 ndi masekondi amene imadikira isanatulutse palachuti. Zonsezi ndazidziwa bwino, koma injiniyo sindinaigwirepo m'manja, ndipo roketi yanga idakali pa shelefu. Ngakhale itapezeka, malo oulutsira angafunike kuwalingalira mofatsa, chifukwa bwalo la ndege la Mzuzu lili m'tauni momwemo, ndipo m'chilimwe udzu wouma sufuna moto.

Komabe sindinganene kuti mphatsoyi inapita pachabe. Luso la zipsepse ndi la kulemera kwa mphuno ndinalisamutsira pa roketi ya madzi: botolo la malita awiri la chakumwa cha gasi, madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndi pampu ya njinga. Imeneyo inapitirira mtengo wa bulugamu n'kukatera m'munda wa chimanga, ndipo ana aja ndi amene anathamangira kukaitola. Kwa mphunzitsi wa sayansi kapena kholo lokonda ntchito zamanja, Alpha ndi yoyenera kukhala nayo ngati chitsanzo, koma wogula ayambe wafufuza kumene injini zidzachokere asanatulutse ndalama.