Mlangizi wa zachuma ayambire pati: Facebook kapena WhatsApp Business?

Ngati ntchito yanu ndi yolangiza anthu za kasungidwe ka ndalama, inshuwalansi kapena kugula masheya pa Malawi Stock Exchange, ine ndinganene kuti muyambe ndi tsamba la Facebook.

Pa nkhani ya ndalama munthu amayamba wakusuzumirani kaye asanakuyankhuleni. Tsamba la Facebook aliyense amaliona: chithunzi chanu, malo a ofesi, nthawi yotsegulira, ngakhalenso zimene munalemba chaka chatha. Mayi wa banki nkhonde amene akufuna kudziwa za penshoni amawerenga mwakachetechete milungu ingapo, kenako n'kutumiza uthenga. Ngati muli ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi, chitchuleni pamwamba penipeni, pakuti akathyali onamizira ulangizi achuluka, ndipo zimandiwawa kuona anthu akuberedwa thukuta lawo. Vuto la Facebook n'lakuti ndemanga zimakhala poyera. Wina akafunsa za ngongole yake, musamuyankhe pagulu.

WhatsApp Business, yomwe inayamba mu 2018, ndi ya anthu amene akukudziwani kale. Uthenga wa broadcast, womwe mumatumizira anthu ambiri nthawi imodzi, umapita kwa anthu osapitirira 256 pa mndandanda umodzi, ndipo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Status imafufutika pakatha maola 24. Mlendo sangakupezeni mosavuta. Koma pokambirana za malipiro a munthu, kapena pomukumbutsa tsiku lolipira inshuwalansi, palibe yoiposa. Ndiye nambala ya WhatsApp ija muilumikize ku batani la patsamba lanu la Facebook, wofuna kulankhula zachinsinsi angodina pomwepo.