Ofesi ya ku Salima imene inatithandiza mlamu wanga atanyanyala chakudya ku Joni

Pa Kamuzu Road ku Salima pali kaofesi ka chipinda chimodzi komwe kale ankangolemberako anthu makalata ndi kupanga mafotokope, koma masiku ano amathandizanso mabanja amene abale awo atsekeredwa ku South Africa chifukwa cha mapepala. Dzina lake sinditchula popeza nkhani ya mlamu wanga idakali m'khoti, komabe ndikufuna kufotokoza mmene amagwirira ntchito, chifukwa kuno kunyanja n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana wake ku Joni.

Mlamu wanga ndi wa ku Burundi, ndipo anathawa kwawo mu 2015 pa chipwirikiti chimene chinabuka pulezidenti wa dzikolo Pierre Nkurunziza atanena kuti adzaimanso kachitatu pa chisankho. Anafikira kumsasa wa othawa kwawo wa ku Dzaleka, kenako anakwatira achemwali anga n'kutsegula golosale kuno. Boma litayamba mu Meyi 2023 kubwezera kumsasa othawa kwawo onse okhala m'matauni, iye anasankha kupita ku South Africa, komwe anapatsidwa chiphaso cha munthu wodikira yankho pa pempho lake la chitetezo. Chiphasocho chitatha mphamvu anagwidwa pamsewu, ndipo atauzidwa kuti akwezedwa ndege ya ku Bujumbura, iye ndi anzake ena anasiya kudya.

Chimene chinandichititsa kuwakhulupirira anthu a pa ofesiyi n'chakuti sanatinamize. Achemwali anafika akuganiza kuti kunyanyala chakudyako kukakamiza akuluakulu kumumasula, koma mayi amene amayendetsa ofesiyo anawakhazika pansi n'kuwauza kuti: “Mayi, njala ya amuna anu ingachititse kuti nkhani yawo imveke, koma chimene chimaimitsa ndege ndi pepala la khoti, ndiye tiyeni tithamangire pepalalo.” Mawuwa anali owawa kuwamva, koma anali oona. Ambiri amene amadya ndalama za mabanja ovutika amalonjeza kuti ali ndi mnzawo “wamkati” amene atsegula chitseko usiku. Mayiwa sanatchulepo zoterozo.

Malamulo amawadziwa, ndipo amawafotokoza m'Chichewa chomveka. Anatiuza kuti pangano la mayiko la 1951 lonena za othawa kwawo, pa ndime 33, limaletsa kubweza munthu kudziko limene moyo wake kapena ufulu wake ungakhale pa chiopsezo, ndipo South Africa inaika mfundo yomweyo m'lamulo lake la othawa kwawo la 1998. Anatifotokozeranso kuti mu 2017 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti womangidwa pofuna kum'thamangitsa azikaonekera kukhoti pasanathe maola 48, komanso kuti malinga ndi lamulo la kumeneko kusungidwa kotereku sikuyenera kupitirira masiku 120. Chimene chinatipatsa mtima koposa ndi chigamulo cha mu Disembala 2023, chimene chinathetsa ndime yonena kuti munthu amene wachedwa kukonzetsa chiphaso chake ndiye kuti pempho lake walitaya. Nkhani ya mlamu wanga inagona pomwepo.

Tsiku lomwe tinafika ku ofesiko anasonkhanitsa zonse zimene tinali nazo, kuphatikizapo khadi lake lakale la ku Dzaleka, kalata ya ukwati ndi chithunzi cha chiphaso chothacho chimene chinatsala m'foni ya achemwali. Foniyo galasi lake linali losweka, moti mnyamata wa pa kompyuta anachita kuwerenga manambala mmodzimmodzi akuyerekeza ndi uthenga wakale wa pa WhatsApp kuti asaphonye ngakhale imodzi. Zonsezo anazitumiza kwa loya wa ku Johannesburg amene amagwira naye ntchito, ndipo anatipatsa nambala yake kuti tilankhule naye tokha, zomwe zinachotsa mantha akuti mwina loyayo ndi wongopeka.

Pa nkhani ya thanzi ndi pamene ndinaona kuti amaika munthu patsogolo. Sanamunyoze mlamu wanga kuti akudzipha dala, ndiponso sanamulimbikitse kupitiriza. Anatiuza kuti timupemphe asasiye kumwa madzi, popeza wosamwa madzi amatha m'masiku ochepa, pamene wosadya amafooka pang'onopang'ono mpaka maso, mtima ndi ubongo kuyamba kuwonongeka. Anakumbutsa za akaidi khumi a ku Northern Ireland amene anamwalira mu 1981, mmodzi wa iwo Bobby Sands atatha masiku 66 osadya. Anauzanso loya kuti aumirire zoti dokotala azimuona, n'kutifotokozera kuti mfundo za bungwe la madokotala a dziko lonse zimene zinakhazikitsidwa ku Malta mu 1991 zimakana kudyetsa mokakamiza munthu woganiza bwino amene wakana yekha. Ndipo khoti litalamula kuti asamuthamangitse pempho lake lisanamvedwe, anatichenjeza kuti asayambe ndi mbale yodzaza, chifukwa thupi limene lakhala nthawi yaitali osadya likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima ungathe kuima. Mlamu wanga anayamba ndi phala lamadzimadzi moyang'aniridwa ndi achipatala.

Zofooka ziliponso, ndipo zina si zazing'ono. Chipindacho n'chimodzi, moti achemwali ankafotokoza zimene amuna awo anathawa ku Burundi ana asukulu ali pambali kudikira mafotokope. Nkhani ya wothawa kwawo ikamveka kolakwika ingavulaze abale amene anatsala kumudzi, choncho afunika kupeza malo olankhulirana mwachinsinsi. Mitengo sinalembedwe pakhoma, ndipo ndalama ya loya imalipidwa m'marandi, motero kwacha ikagwa banja limapezeka likuwonjezera pa zimene linamva poyamba. Malisiti amapereka mukawakumbutsa. Magetsi akazima ntchito imaima chifukwa alibe sola, ndipo tsiku lina kalata yofunika inachedwa kutumizidwa munthu ali ndi njala m'chitokosi. Sanatiuzenso msanga kuti ku South Africa kuli mabungwe ngati Lawyers for Human Rights amene amathandiza omangidwa otere kwaulere, ndipo ndikuona kuti banja losauka liyenera kumva zimenezi lisanagulitse mbuzi kapena ukonde.

Ngakhale zili choncho, wina atandifunsa ndingamuuze kuti apiteko, makamaka ngati m'bale wake anali atapempha kale chitetezo. Kwa Mmalawi amene wangopitirira masiku a pa pasipoti, mayiwa amanena poyera kuti chimene angachite ndi kulondoloza kuti asasungidwe kupyola nthawi yololedwa, osati kuletsa kubwezedwa kwake. Popita kumeneko mutenge mapepala onse ngakhale ong'ambika, mulembe tsiku limene m'bale wanu anagwidwa ndi malo amene akusungidwa, ndipo mufunse mtengo wonse m'kwacha ndi m'marandi musanapereke kalikonse.